Walther Flemming

Walther Flemming (21 Epulo 1843 – 4 Ogasiti 1905) anali dokotala wa ku Germany yemwe ankafufuza kapangidwe ka thupi. Amadziwika kwambiri chifukwa chofotokoza mmene selo limagawikira pawiri, koma analinso mmodzi mwa anthu oyamba kujambula mmene selo limafera mwadongosolo.

Moyo wake

Anabadwira ku Sachsenberg, kufupi ndi Schwerin, ndipo bambo ake anali dokotala wa matenda a maganizo. Anamaliza maphunziro a udokotala ku Rostock mu 1868, kenako anagwira ntchito yachipatala pa nkhondo ya pakati pa Prussia ndi France. Ataphunzitsako ku Prague, mu 1876 anasamukira ku yunivesite ya Kiel. Anamwalirira mumzinda womwewo.

Kugawika kwa maselo

Flemming ankathira utoto wa aniline m'maselo kuti za m'kati zioneke pa maikulosikopu. Ankakonda kugwiritsa ntchito ana a salamander, kanyama kooneka ngati buluzi koma ka mtundu wa achule, chifukwa maselo ake ndi akuluakulu. Chinthu cha m'phata la selo chomwe chinkagwira utoto kwambiri anachitcha chromatin. M'buku lake la mu 1882, Zellsubstanz, Kern und Zelltheilung, anasonyeza kuti chinthuchi chimasanduka timaulusi tomwe timang'ambika chamlitali, ndipo selo lililonse latsopano limatenga gawo lake. Dzina loti mitosis analitenga ku mawu a Chigiriki otanthauza ulusi.

Kufa kwa maselo

Mu 1885 anaunika timatumba ta mazira m'thupi la kalulu wamkazi. Ambiri mwa timatumbati safika pokhwima, amangofota. M'maselo ake anaona chromatin itakhwinyata n'kuunjikana m'mphepete mwa phata ngati mwezi wongokhala kumene, kenako n'kuphwanyika tizidutswa. Kalulu sanali kudwala kapena kuvulala. Maselowo ankafa m'thupi labwinobwino. Flemming anatcha zimenezi chromatolysis.

Chodabwitsa n'chakuti ntchito yake ya kugawika kwa maselo inalowa m'mabuku a sukulu mwamsanga, pomwe ya kufa kwa maselo inangotsala pang'ono kuiwalika. Panapita zaka 87 kuti John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie, mu 1972, afotokozenso zomwezi n'kuzipatsa dzina loti apoptosis.

Chimene chimachititsa zomwe Flemming anajambula chinadziwika m'zaka za m'ma 1990. Ndi mapuloteni otchedwa caspase, omwe amadula mapuloteni ena m'kati mwa selo n'kumasula puloteni yomwe imaduladula DNA. Masiku ano m'labotale amayeza mphamvu ya caspase posakaniza madzi a m'maselo ndi kachidutswa ka puloteni komwe kamawala kakadulidwa. Kuwala kukachuluka ndiye kuti maselo ambiri ali m'kati mofa. Njirayi imathandiza ofufuza kuona ngati mankhwala a khansa akuphadi maselo a chotupa.