Hugh Tracey, 1903–1977: Mlendo Amene Ankatola Nyimbo

Anthu ambiri amene adatchuka ndi ntchito yosonkhanitsa zinthu zamakedzana ankatola zogwirika ndi manja monga ziboliboli, mikanda, mbiya ndi mikondo. A Hugh Tracey ankatola nyimbo. Kwa zaka pafupifupi 40 adayendayenda m'midzi ya kummwera, pakati ndi kummawa kwa Africa ndi makina ojambulira mawu, ndipo chifukwa cha maulendo amenewo, mawu a agogo ambiri amene adatsikira kulichete kalekale akadamvekabe mpaka lero.

A Tracey adabadwa pa 29 Januwale 1903 m'mudzi wa Willand, m'chigawo cha Devon ku England. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 adapita ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, kukathandiza mkulu wawo Leonard pa ulimi wa fodya. Kumundako ankagwira ntchito limodzi ndi Akaranga, ndipo pang'onopang'ono adaphunzira chiyankhulo chawo ndi nyimbo zimene ankaimba polima ndi pocheza madzulo. Azungu ambiri a nthawi imeneyo ankaziyesa phokoso chabe nyimbo zoterezi, pomwe mnyamatayo adamvamo luso lokhala ndi malamulo akeake.

M'chaka cha 1929 adatenga anyamata 14 Achikaranga n'kupita nawo ku Johannesburg, kumene akatswiri a kampani ya Columbia ankajambula mawu pa mbale za galamafoni. Patangopita zaka zochepa adakumana ku London ndi akatswiri awiri opeka nyimbo, Ralph Vaughan Williams ndi Gustav Holst, amene adawalangiza kuti aike mtima pa kufunafuna ndi kujambula nyimbo zochuluka momwe angathere, ndipo kuzisanthula kudzabwere pambuyo. Malangizowo adawasunga moyo wawo wonse. Atagwira ntchito ya pa wailesi ku Durban kwa zaka zoposa khumi, adadzipereka kwathunthu ku maulendo ojambula, ndipo mu 1954 adakhazikitsa ku Roodepoort nyumba yosungiramo nyimbo yotchedwa International Library of African Music, mwachidule ILAM.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kadali kosamala kwambiri. Injini yopangira magetsi ankaisiya patali kuti kulira kwake kusalowe m'nyimbo. Maikolofoni ankaigwira m'manja n'kumaisendeza kwa wotsogolera nyimbo, kwa ovomera, kenaka ku ng'oma, malinga ndi mmene nyimboyo inkayendera. Ankayeza mawu a choimbira chilichonse ndi tizitsulo tapadera, ndipo pa khadi ankalembapo dzina la woimba, malo, chiyankhulo ndi tanthauzo la nyimbo. Akamaliza ankaiseweranso kuti eni ake aimve, ndipo kwa ambiri aka kadali koyamba kumva mawu awo akutuluka m'makina.

Maulendowa adatulukira zinthu zochititsa chidwi. Mu 1950, pakati pa Akipsigis a ku Kenya, adajambula atsikana akuimba nyimbo yotchedwa Chemirocha. Dzinali lidachokera kwa Jimmie Rodgers, woimba wa ku America amene mawu ake adafika kuderalo pa galamafoni. Malinga ndi zimene a Tracey adalemba, anthuwo ankamuyerekeza ndi cholengedwa cha m'nthano, mbali ina munthu, mbali ina nyama ya m'gulu la agwape. Mu 1952, ku Jadotville m'dziko la Congo, mzinda umene lero ndi Likasi, adakumana ndi mnyamata woliza gitala, Jean Bosco Mwenda, yemwe nyimbo yake ya Masanga idadzatchuka mpaka kutsidya kwa nyanja.

Dziko la Nyasaland, lomwe lero ndi Malawi, adalifikira m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958. Adajambula Achewa, Amang'anja, Ayao, Atonga ndi Atumbuka: amayi akuimba pamtondo, oliza bangwe akudandaula za moyo wawo, magulu a malipenga, komanso nthano zokhala ndi nyimbo pakati. Ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, adajambulanso oliza kalimba ndi kalumbu. Zambiri mwa nyimbozi zidalowa m'gulu la mbale 210 lotchedwa Sound of Africa. Apa padapherezera mwambi wa makolo wonena za mlendo wodza ndi kalumo kakuthwa, pakuti chipangizo chimene eni nyimbo adalibe chidabwera ndi munthu wakudza.

Dzina lakuti kalimba, lomwe dziko lonse likulidziwa lero, lidafala kudzera mwa iwo. Dzinalo adalitenga kwa anthu a m'madera a Malawi ndi Zambia n'kulipatsa choimbira chimene adakonza okha potengera mbira ndi tizoimbira tina ta mtundu umenewo. Bokosi lake lidali la mtengo wa mlombwa, ndipo timano take adatichuna mogwirizana ndi nyimbo za ku Ulaya kuti chigulike kunja. Ambiri amene amachiliza ku America ndi ku Asia sadziwa kumene dzinalo lidachokera.

Ntchito ya a Tracey ili ndi mbali zina zimene akatswiri amatsutsana nazo. Idachitika pansi pa ulamuliro wa atsamunda, ndipo gawo lina la ndalama zake lidachokera ku makampani a migodi, omwewo amene ankakoka amuna kuchoka m'midzi kupita ku Joni ndi ku migodi ya mkuwa. Iwo ankakonda kugawa nyimbo potsata mitundu ya anthu ngati kuti mitunduyo siisakanikirana. Koposa zonse, mbalezo zidakathera m'masukulu aukachenjede ndi m'nyumba za mabuku za kutali, pomwe ana ndi zidzukulu za oimbawo adakula osazimvapo.

A Tracey adamwalira pa 23 Okutobala 1977 kufupi ndi Krugersdorp ali ndi zaka 74. Chaka chotsatira mwana wawo Andrew adasamutsira ILAM ku yunivesite ya Rhodes mumzinda wa Grahamstown, womwe tsopano umatchedwa Makhanda. Kumeneko nyimbozo zidasamutsidwira pa kompyuta, ndipo m'zaka zaposachedwapa ogwira ntchito ku ILAM adayamba kuzibwezera kumadera kumene zidatengedwa. Nyimbo ya Chemirocha idabwerera kwa Akipsigis patapita zaka zoposa 60, ndipo kudapezeka okalamba amene adazindikira oimbawo ndi kutchula abale awo.

Nyimbo za ku Malawi ndi Zambia zilipo ku Makhanda pamodzi ndi makhadi ake, mmene muli maina a oimba ndi a malo amene adajambulidwira. Chimene makina sadathe kusunga ndi kavinidwe kake, nthawi yake yoyenera ndiponso tanthauzo lobisika la mawu ena okuluwika. Zimenezi zili m'mitu ya akuluakulu ochepa amene akadali moyo, ndipo chaka chilichonse akucheperachepera. Ntchito imene a Tracey adaisiya pakati, yolunzanitsa nyimbo yojambulidwa ndi mudzi wake, ingamalizidwe ndi mafumu, aphunzitsi, anamkungwi ndi achinyamata a m'midzi yomweyo, pakuti fumbi ndiwe mwini.