Ambuye Mathurin Guillemé (1859-1942): Episkopi Amene Adadzala Mpingo m'Midzi

Ambiri mwa ife dzina loti Guilleme timalidziwa ngati dzina la malo. Ena tidaphunzira sukulu kumeneko, ena tidabadwira m'chipatala cha kumeneko, ena timangolimva tikamapita ku Mchinji. Komatu dzinali ndi la munthu. Ambuye Mathurin Guillemé adali episkopi wa dera lathu lino kwa zaka 23, ndipo mishoni za Likuni, Mua ndi Kachebere zidatsegulidwa iwo akutsogolera. Adamwalira pa 7 Epulo 1942 ku Likuni, pafupi pomwepa, nthawi imene kuno ku Area 12 ndi ku City Centre kudali tchire ndi minda. Mpingo umene tikupempheramo lero mumzinda muno udabadwira kumudzi, udakuliranso kumudzi. Mbiri ya Ambuye Guillemé itikumbutse m'mene zidayendera.

Ubwana ndi kuitanidwa kwawo

Adabadwa pa 3 Julayi 1859 ku Sainte-Marie-de-Redon, dera la kumidzi m'chigawo cha Brittany ku France. Maphunziro a unsembe adayambira mu dayosizi ya kwawo ya Rennes, kenako adalowa chipani cha White Fathers, chimene Kadinala Charles Lavigerie adayambitsa ku Algiers mu 1868. Adadzozedwa unsembe pa 22 Sepitembala 1883 ali ndi zaka 24, ndipo chaka chotsatira adakwera sitima yapamadzi kupita ku Zanzibar.

Malangizo amene Kadinala Lavigerie ankapatsa ansembe ake adali olimba. Wansembe aphunzire chilankhulo cha anthu mpaka azilalika popanda womasulira. Adye chakudya chimene anthuwo amadya. Pamishoni pazikhala anthu osachepera atatu, kuti wina asakhale yekha. Ndipo munthu wamkulu asabatizidwe mothamanga, koma aphunzire chikhristu kwa zaka zinayi. Malangizowa ndi amene Bambo Guillemé adayendera moyo wawo wonse.

Ku nyanja ya Tanganyika

Kuchoka ku Zanzibar adapita ku mishoni za Kibanga ndi Mpala, kutsidya la kuzambwe la nyanja ya Tanganyika, m'dziko limene lero ndi Congo. Imeneyo idali nthawi ya malonda a ukapolo. Achifwamba ankatentha midzi, kupha amuna, n'kutenga amayi ndi ana kukawagulitsa. Ansembe ankawombola ana amene akanatha kuwawombola, pogwiritsa ntchito nsalu ndi ndalama zochokera ku zopereka za akhristu a ku Ulaya.

Koma kuwombola mwana ndi chiyambi chabe. Mwanayo afuna chakudya, pogona, mankhwala a zilonda, ndi wina womulera. Kumeneko Bambo Guillemé adaphunzira kuti mmishonale salalika pa guwa pokha: amakhalanso mlimi, mmisiri ndi namwino. Phunziro limeneli adabwera nalo kwathu kuno.

Kubwera kwawo m'dziko lathu

A White Fathers adayamba ayesapo kale kukhazikika m'dziko muno. Mu 1889 adafika kwa Mponda ku Mangochi, koma mu 1891 adachoka osakhazikitsa mpingo, nalowera kumpoto. Mu 1897 Papa adakhazikitsa Vikariyeti ya Nyasa, ndiye kuti dera la mpingo lisanakule n'kukhala dayosizi. Episkopi wake adali Ambuye Joseph Dupont, amene Ababemba a ku Zambia adawatcha Moto Moto, ndipo mishoni zake zidali kumpoto kwa Zambia. Mu 1899 Ambuye Dupont adapita ku Ulaya chifukwa chodwala, ndipo Bambo Guillemé ndi amene adapatsidwa udindo wogwirizira.

Pa nthawi yogwirizirayi ndi pamene adatembenuzira maso kuno. Ansembe a chipani cha Montfort adali atafika kale ku Nzama ku Ntcheu mu 1901. Mu 1902 Bambo Guillemé adatumiza ansembe ku Chiwamba ndi ku Mua, ndipo mu 1903 ku Kachebere. Chaka chomwecho cha 1903 mishoni ya Chiwamba idasamukira ku Likuni. Boma ya atsamunda ya Lilongwe idakhazikitsidwa mu 1904, choncho mishoni ya Likuni ndi yaikulu kubadwa kuposa tawuni imene tikukhalamoyi. Pambuyo pake padatsegulidwanso Ntakataka mu 1908 ndi Bembeke mu 1910.

Tsiku la pamishoni

Tisaganize za nyumba zamalata ndi matchalitchi akuluakulu amene tikuwaona lero. Mishoni inkayamba ndi nyumba za mitengo ndi dothi, zofolera ndi udzu, pamalo amene mfumu yaloleza. Ansembe ankadzuka kusanache kupemphera ndi kuchita Misa. Dzuwa likamatuluka, pakhonde pankakhala patadzaza kale odwala: wina chilonda cha mwendo, wina dzino, wina maso, mayi wina mwana wotentha thupi. Mankhwala adali ochepa, koma kutsuka chilonda ndi kuchimanga kunkatsegula mitima imene ulaliki sukadaitsegula.

Abulazala ankatsogolera ntchito za manja. Anyamata a m'midzi yozungulira ankaphunzira kuumba ndi kuotcha njerwa, kucheka matabwa, kumanga ndi kupala. Pamishoni pankakhala munda, dimba la ndiwo zamasamba, mitengo ya zipatso ndi khola la ziweto, chifukwa ndalama zochokera ku Ulaya sizinkakwana ndipo mishoni inkayenera kudzidyetsa yokha. Madzulo ansembe ankakhala ndi akuluakulu, kumvetsera ndi kulemba mawu a Chinyanja m'makope. M'makope otere ndi m'mene mudachokera katekisimu ndi mapemphero a m'chilankhulo chathu. Ena mwa amishonalewa malungo adawatenga akadali anyamata, ndipo manda awo alipobe m'mishoni zakalezi.

Ulendo wa m'midzi ndi aphunzitsi

Ntchito yeniyeni inkachitikira kumidzi. Wansembe mmodzi ankanyamuka ulendo wa sabata ziwiri kapena zitatu, poyamba wapansi, pambuyo pake panjinga yakapalasa, anyamata atasenza bokosi la ziwiya za Misa. Akafika m'mudzi ankayamba wakaonekera kwa nyakwawa. Ankagona m'kanyumba ka sukulu, nadya nsima imene amayi a m'mudzimo aphika, kaya ndi ya nkhwani, ya nyemba, kapena nkhuku ya alendo. M'mawa ankamvetsera olapa, kuchita Misa, kufunsa ana katekisimu, kuyendera odwala, ndipo masana ankakhala pa mphasa kumva milandu ya mabanja. Mawa lake ulendo, mudzi wina.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ambuye Guillemé ankadziwa kuti wansembe m'mudzi ndi mlendo: abwera lero, adzaonekanso patapita miyezi. Wotsala ndi anthu adali mphunzitsi, amene lero timati katekisiti. Ameneyu adali mwana wa m'dera lomwelo, wophunzitsidwa pamishoni kuwerenga, kulemba ndi katekisimu, kenako n'kutumizidwa kumudzi ndi mkazi wake. Ankalima munda wake ngati wina aliyense. Ankaitana ana ndi ng'oma kapena kachitsulo kopachika pamtengo, nawaphunzitsa zilembo pa masileti ngakhale pa dothi. Lamulungu ankatsogolera mapemphero. Usiku akamva kuti wina ali kayakaya, ankathamanga kukamubatiza. Maliro a mkhristu ankayendetsa ndi iye. Malipiro ake adali ochepa zedi.

Ofuna ubatizo ankayenda ulendo wautali wa zaka zinayi uja. Pa gawo lina ankalandira mendulo, pa gawo lina mtanda, ndipo ubatizo ukayandikira ankapita kukakhala pamishoni masabata angapo atasenza ufa wawo. Ena ankatopa n'kubwerera, ena ankalephera chifukwa cha mitala. Ansembe ankapirira, podziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene adafika pa ubatizo ndi amene adakhala mizati ya mabanja achikhristu m'midzi yathu.

Mavuto ndi mikangano

Sizidayende myaa. Msonkho wa nyumba unkathamangitsa amuna kupita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni, ndipo m'midzi munkatsala amayi, ana ndi okalamba. Ena mwa amunawo sadabwerere, mabanja n'kupasuka. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 idatenga amuna ambirimbiri kukasenza katundu wa asilikali, ntchito yowawa ija ya mtengatenga, ndipo ansembe ena nawonso adaitanidwa kunkhondo. Itangotha, chimfine chachikulu cha 1918 chidapha anthu m'midzi yambiri.

Padalinso mpikisano ndi amishoni a Dutch Reformed, amene adafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896. Mbali zonse ziwiri zinkalimbirana midzi yoti zitsegulemo sukulu, ndipo nthawi zina mawu ankakula. Lero ife ndi abale athu a CCAP timakhalira limodzi pamaliro ndi paukwati, ndipo tiyenera kuthokoza Mulungu kuti nthawi ija idapita.

Mkangano waukulu koposa udali wa gule wamkulu. Amishonale ankaona kuti dambwe likuchotsa anyamata kusukulu ndi kutchalitchi, ndipo ankadandaula ku boma. Eni mudzi ankaona kuti sukulu ikulanda ana awo ndi kunyoza mwambo wa makolo. Mabanja ena adagawikana pa nkhaniyi. Tinene zoona: amishonale a nthawi imeneyo, pamodzi ndi episkopi wawo, sadamvetse zonse za chikhalidwe cha Achewa, ndipo zina adaziweruza msanga. Padatenga zaka zambiri kuti Mpingo uyambe kumvetsera mofatsa. Malo a zachikhalidwe a Kungoni, amene adatsegulidwa mu 1976 ku Mua komweko, ndi chipatso cha kumvetsera kumeneko.

Zaka za uepiskopi

Ambuye Dupont atatula pansi udindo, Papa adasankha Bambo Guillemé pa 24 Febuluwale 1911. Adadzozedwa uepiskopi pa 18 Juni chaka chomwecho ku Baudouinville, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika kumene adagwirako ntchito ali mnyamata. Mu 1913 Vikariyeti idagawidwa pawiri. Kumpoto kwa Zambia kudaima pakokha, ndipo Ambuye Guillemé adatsala ndi chigawo chapakati ndi chakumpoto cha dziko lino pamodzi ndi dera la Chipata. Zaka zambiri ankakhala ku Bembeke.

Mu 1911 masisitere a White Sisters adafika ku Mua ndi kuyamba ntchito ya chipatala, ndipo mu 1927 kudatsegulidwa malo osamalirako odwala khate, anthu amene nthawi imeneyo ankasalidwa ngakhale ndi abale awo. M'zaka za m'ma 1920 mudatsegulidwa mishoni za Kasina ndi Nambuma kuno, komanso Minga ndi Naviruli ku Zambia.

Koma chimene Ambuye Guillemé adachiikira mtima kwambiri n'chakuti Mpingo ukhale ndi atumiki obadwira konkuno. Seminale yaing'ono idayambira ku Mua, kenako idasamukira ku Kasina, ndipo anyamata okhoza ankatumizidwa ku seminale yaikulu ya Kipalapala ku Tanganyika. Mu 1929 adayambitsa chipani cha masisitere a Teresian, atsikana a m'midzi yathu odzipereka kwa Mulungu kuti atumikire makamaka amayi ndi ana. Masisiterewa tili nawo mpaka lero m'sukulu, m'zipatala ndi m'maparishi.

Ukalamba ndi imfa

Adapuma pa udindo mu 1934 ali ndi zaka 74, ndipo adalowa m'malo mwawo ndi Ambuye Oscar Julien. Sadabwerere kukakalambira ku France. Adatsala konkuno, ndipo Mulungu adawasunga mpaka adaona zipatso. Mu 1937 Bambo Cornelius Chitsulo, mwana wa ku Mua, adadzozedwa kukhala wansembe woyamba wa dziko lino, yemwenso mu 1957 adadzakhala episkopi woyamba wa Chimalawi, ku Dedza. Mu 1939 seminale yaikulu idatsegulidwa ku Kachebere. Mishoni yatsopano ya ku Mchinji idapatsidwa dzina lawo akadali moyo. Adamwalira ku Likuni ali ndi zaka 82, patapita zaka 58 chifikire ku Zanzibar. Vikariyeti imene ankatsogolera ndi imene idadzakhala Dayosizi ya Lilongwe mu 1959 ndi Arkidayosizi mu 2011.

Nanga ife?

Ambiri mwa ife tikafuna kumanga ukwati timatumabe uthenga kumudzi kuti atitengere kalata ya ubatizo ku Likuni, ku Nambuma, ku Mua kapena ku Bembeke. Kalata imeneyo ikutiuza kumene chikhulupiriro chathu chidachokera. Agogo athu adachilandira kwa mphunzitsi wa m'mudzi amene dzina lake mwina silidalembedwe m'buku lililonse.

Ife kuno timasankha Misa ya m'mawa kapena ya masana. Kumudzi kwathu kuli nthambi zimene wansembe amafikako mwa apo ndi apo, ndipo Lamulungu lililonse amene amatsegula tchalitchi ndi katekisiti, monga zidalili m'masiku a Ambuye Guillemé. Tikapita kumudzi pa tchuthi kapena pa maliro, tiyeni tikamuone katekisitiyo, timufunse chimene chikusowa: kaya ndi njinga, mabuku a mapemphero, kapena denga la tchalitchi. M'miphakati yathu tikambirane za nthambi imodzi imene tingaigwire dzanja. Ndipo mwana wathu akanena kuti akufuna unsembe kapena usisitere, tisamubweze.

Mzimu wa Ambuye Mathurin Guillemé, ndi mizimu ya aphunzitsi onse amene adatisiyira chikhulupiriro, iuse mumtendere.