TOM CREAN: MWANA WA MLIMI AMENE MBIRI YAKE INASUNGIKA M'MAKALATA AKALE

Anthu ambiri m'dziko muno adziwa dziko la Ireland cifukwa ca ansembe ndi masisitere ocokera kumeneko amene agwira nchito m'masukulu ndi m'zipatala za mishoni. Koma cilumba cimeneci, cimene ciri kumadzulo kwa Mangalande, cinatulutsanso amalinyero ndi asilikali ambiri-mbiri pa nthawi imene cinali pansi pa ulamuliro wa Angelezi. Pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, kuyambira 1914 kufikira 1918, amuna a ku Ireland oposa 200,000 anamenyera Mfumu ya Angelezi, ndipo oposa 30,000 sanabwerere kwao.

Mmodzi mwa amene anabwerako ndiye Bambo Tom Crean, mlinyero amene anapita katatu ku Antarctica, dziko la cisanu la kumwera kweni-kweni kwa dziko lapansi. Iwo sanalembe buku, ndipo sanafotokozere amanyuzipepala za maulendo ao. Mbiri yao inacita kutoledwa pang'ono-pang'ono m'kaundula wa asilikali a pamadzi, m'mabuku a chalichi, ndi m'zolemba za anzao amene anayenda nao.

Kubadwa kwao

Bambo Crean anabadwira pafupi ndi mudzi wa Annascaul, m'cigawo ca Kerry, m'banja la alimi osauka la ana ambiri. Sukulu anailekera panjira kuti athandize makolo ao kumunda ndi kuziweto. Pa 10 Julayi, 1893, analembedwa nchito m'gulu la nkhondo la pamadzi la Angelezi, nayamba maphunziro ao pa sitima yochedwa Impregnable ku Devonport.

Kaundula wa gululo, amene asungidwa m'nyumba ya makalata a Boma ku Kew mu mzinda wa London, aonetsa kuti iwo anabadwa pa 20 Julayi, 1877. Kwa zaka zambiri olemba mabuku anatsata tsiku limeneli, ndipo panabuka nthano yakuti mnyamatayo analowa usilikali ali ndi zaka 15 zokha, atanamiza akulu-akulu za msinkhu wake. Koma ofufuza atatsegula buku la ubatizo la parishi ndi buku la Boma lolembamo ana obadwa, anapeza kuti Tom anabadwa mu Febuluwale, 1877. Motero polembedwa nchito anali atakwanitsa kale zaka 16.

Kaundulayo sabisa kanthu. Aonetsa maina a masitima onse amene munthu anagwirapo nchito, masiku amene anakwezedwa, ndiponso masiku amene analangidwa. Pa Bambo Crean palembedwa kuti anakwera pa udindo m'caka ca 1899, ndi kuti m'caka ca 1901 anatsitsidwanso kukhala mlinyero wamba.

Ulendo woyamba ndi waciwiri

Mu Disembala, 1901, a Crean anali pa sitima ya nkhondo yochedwa Ringarooma ku New Zealand. Pa doko lomwelo panaima sitima ya Discovery ya Kaputeni Robert Scott, imene inali pa ulendo wa ku Antarctica. Mlinyero mmodzi wa Scott atamenya mkulu wake wa nchito anathawa, ndipo a Crean anadzipereka kulowa m'malo mwake.

Ku Antarctica kulibe mtengo, kulibe mudzi wa anthu. Pafupi-fupi dziko lonse ndi lokutidwa ndi madzi oundana olimba ngati mwala, ndipo m'nyengo ya cisanu dzuwa silituluka kwa miyezi ingapo. Katundu anali kuikidwa pa cilei, ndipo kawiri-kawiri anthu eni ake ndiwo anali kukoka cileico ngati ng'ombe. Pa ulendo umenewu a Crean anakoka cilei masiku 149. Pobwerako m'caka ca 1904, Scott anawacitira umboni wabwino ndipo anakwezedwanso pa nchito.

M'caka ca 1910 Scott anawatenganso pa sitima ya Terra Nova. Colinga cinali kukafika pa South Pole, pamene pali pakati peni-peni pa kumwera. Atayenda miyezi iwiri, pa 4 Januwale, 1912, atatsala ndi makilomita ngati 270 kuti afike, Scott anasankha anthu anai oti apitirire naye. A Crean anauzidwa kubwerera pamodzi ndi William Lashly ndi Lefutenanti Edward Evans. Zolemba za anzao zinena kuti munthu wamphamvuyo analira misozi.

Pa ulendo wobwerera, Evans anadwala matenda obwera cifukwa cosowa zakudya zaziwisi. Nkhama zake zinatupa, miyendo inauma, mpaka analephera kuima. Iye analamula anzake awiriwo kuti amsiye ndi kupulumutsa miyoyo yao, koma iwo anakana lamulo la mkulu wao, namgoneka pa cilei ndi kumkoka. Paja akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Pa 18 Febuluwale mphamvu zao zinatha, cakudya cinali pafupi kutha, ndipo panatsala makilomita 56 kuti afike pa kanyumba kamene panali anzao. Lashly anatsala m'tenti ndi wodwalayo. A Crean ananyamuka okha, opanda tenti ndi copfunda, m'thumba muli mabisiketi owerengeka ndi kacokoleti. Akanagwa m'mng'alu wa madzi oundana kapena kugona panjira, onse atatu akanafa. Anayenda maola 18, ndipo anangoti alowa m'kanyumbako, namondwe wa cipale anayamba. Namondweyo atatha, dotolo Atkinson anapita ndi agalu okoka cilei nakatenga anthu awiri aja ali moyo. Evans anacira, ndipo pambuyo pake anakhala mmodzi wa akulu-akulu a gulu la nkhondo la pamadzi.

Scott ndi anzake anafika pa South Pole pa 17 Januwale, 1912, koma anapeza kuti Roald Amundsen wa ku Norway anali atafikapo kale pa 14 Disembala, 1911. Onse asanu anafera m'njira pobwerera. Pa 12 Novembala, 1912, a Crean anali m'gulu limene linapeza tenti muli mitembo ya Scott ndi anzake awiri. M'caka ca 1913 Mfumu George V inapatsa a Crean ndi Lashly mendulo ya Albert, imene inali kuperekedwa kwa munthu wopulumutsa moyo wa mnzake.

Ulendo wa pa nthawi ya nkhondo

Ulendo wacitatu unatsogoleredwa ndi Ernest Shackleton, amenenso anabadwira ku Ireland. Angelezi analowa nkhondo pa 4 Ogasiti, 1914, sitima ya Endurance iri pafupi kunyamuka. Shackleton anapereka sitimayo ndi anthu ake onse kwa Boma kuti athandize pa nkhondo, koma Boma linawauza kuti apitirize ulendo wao. Anacoka ku Plymouth pa 8 Ogasiti, a Crean ali mmodzi wa akapitao a m'sitimamo.

Mu Januwale, 1915, sitimayo inagwidwa ndi madzi oundana m'nyanja ya Weddell. Inakhala yomangika miyezi yambiri, madzi oundanawo akuifinya, mpaka inaphwanyika ndi kumira pa 21 Novembala, 1915. Anthu 28 anatsala pamwamba pa madzi oundana oyandama, ali ndi mabwato atatu. Panalibe munthu pa dziko lonse wodziwa kumene iwo anali. Mu Epulo, 1916, anapalasa mabwatowo kufikira pa cilumba ca miyala cochedwa Elephant, kumene sikukhala munthu ndipo sikunali kupita sitima.

Pa 24 Epulo, Shackleton anatenga amuna asanu m'bwato la mamita 7 lochedwa James Caird, kukafuna thandizo ku cilumba ca South Georgia, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 1,500 pa nyanja ya mafunde oopsa. A Crean ndiwo anali kuphikira anzao pa kapulaimasi, bwato likugwedezeka ndi madzi akulowa. Anakoceza pa 10 Meyi, koma kumbali ya cilumba kumene kulibe anthu. Shackleton, Frank Worsley ndi a Crean anadutsa mapiri a madzi oundana amene munthu anali asanawaolokepo, nayenda maola 36 kufikira pa Stromness, pamene panali asodzi a anangumi. Atalephera katatu cifukwa ca madzi oundana, pa 30 Ogasiti, 1916, anafika pa Elephant ndi sitima ya dziko la Chile yochedwa Yelcho, napeza anzao 22 onse ali moyo.

Amuna amenewa anabwerera ku Ulaya nkhondo iri pacimake. Timothy McCarthy wa ku Kinsale, mnzao wa ku Ireland amene anali nao m'bwato muja, anapatsidwa nchito ya mfuti pa sitima yonyamula mafuta yochedwa Narragansett. Mu Malici, 1917, sitimayo inamizidwa ndi sitima ya pansi pa madzi ya Ajeremani, ndipo McCarthy anafa. A Crean anabwerera ku usilikali kumapeto kwa 1916, nakwezedwa pa udindo, ndipo anagwira nchito ku Chatham ndi ku Queenstown, doko la ku Ireland limene tsopano lichedwa Cobh. M'caka ca 1917 anakwatira mkazi wa kumudzi kwao. Pambuyo pake anagwa m'sitima, maso ao naonongeka, ndipo anapumitsidwa nchito m'caka ca 1920 atatumikira zaka pafupi-fupi 27.

Cifukwa cake anakhala cete

Pobwerera kwao anapeza dziko la Ireland liri pa nkhondo yofuna ufulu, ndipo cigawo ca Kerry cinali cotentha kwambiri. Mu Epulo, 1920, mkulu wao, amene anali sajeni wa polisi ya Boma la Angelezi, anaomberedwa ndi omenyera ufulu m'cigawo ca Cork. Dziko litayamba kudzilamulira m'caka ca 1922, munthu amene anatumikira Mfumu ya Angelezi sanali kuyenda modzitama. Asilikali akale ambiri anabisa mamendulo ao, ndipo ana ao anakula osadziwa zimene atate ao anaona.

A Crean nao anacita cimodzi-modzi. Shackleton atawaitana ku ulendo wina, anakana cifukwa ca banja. Anatsegula nyumba yogulitsiramo zakumwa ku Annascaul, naicha dzina lakuti South Pole Inn, ndipo anakhala monga munthu wamba wa pamudzi. Anabala ana akazi atatu, koma mmodzi anamwalira ali wamng'ono.

M'caka ca 1938 anadwala matenda a apendikisi. Anawatengera ku cipatala ca ku Tralee, koma kunalibe dotolo wong'amba. Pamene anafika nao ku Cork, kathumboko kanali kataphulika kale. Anamwalira pa 27 Julayi, 1938, ali ndi zaka 61, ndipo anaikidwa ku Ballynacourty, m'manda amene anamanga ndi manja ao.

Makalata amene anapsa ndi amene anatsala

Kufufuza msilikali wa ku Ireland ndi nchito yobvuta cifukwa moto unadya makalata kawiri. Mu Juni, 1922, pa kuyamba kwa nkhondo ya paciweni-weni, nyumba yosungiramo makalata a Boma ku Dublin inapsa, ndipo mabuku a kalembera a zaka za 1821 kufikira 1851 pafupi-fupi onse anatha. Mu Seputembala, 1940, mabomba a Ajeremani anatentha nyumba ina ku London, ndipo makalata oposa theka a asilikali a pamtunda a nkhondo yoyamba anaonongeka. Kaundula wa amalinyero anapulumuka, pamodzi ndi mabuku a kalembera wa 1901 ndi 1911, ndi mabuku a ubatizo amene anali m'manja mwa ansembe m'maparishi. Ofufuza amalinganiza zonsezi, pakuti cikalata cimodzi cokha cikhoza kulakwa, monga momwe zinakhalira ndi tsiku la kubadwa kwa a Crean.

Dzina lao linamvekanso m'caka ca 2000 pamene Michael Smith anasindikiza buku la moyo wao. M'caka ca 2003 anthu anaimika cifanizo cao ku Annascaul, moyang'anana ndi South Pole Inn. M'caka ca 2022 sitima yatsopano ya dziko la Ireland yofufuza za m'nyanja, yochedwa Tom Crean, inayamba nchito, ndipo caka comweco sitima ya Endurance inapezeka pansi pa nyanja, pakuya mamita 3,008, ndi anthu amene anapita pa sitima ya ku South Africa yochedwa Agulhas II.

Nkhondo imene inapha McCarthy inafikanso m'dziko muno. Asilikali a Ajeremani anatula zida zao ku Abercorn, kumene tsopano kuchedwa Mbala, pa 25 Novembala, 1918, ndipo amuna zikwi-zikwi a m'midzi anatengedwa kukasenza katundu wa nkhondo. Ambiri a iwo maina ao sanalembedwe pa mwala uliwonse. Banja limene lisunga m'bokosi kalata ya ubatizo, mendulo, kapena kabuku ka nchito ka agogo ao, licite bwino kuziteteza ku ciswe, ku mvula ndi ku moto, pakuti wofufuza wa mawa adzayambira pamenepo.