Elijah McCoy, Wothira Mafuta M'sitima

Anzanga amene tinkakwerera limodzi sitima pa Balaka popita ku Liwonde, lero ndikuuzeniko za Elijah McCoy, munthu amene ndimam'kumbukira ndikamva sitima ikulira pa Nkaya.

McCoy anabadwira ku Canada cha mu 1844. Makolo ake anathaŵa ukapolo ku Kentucky. Iye anaphunzira za makina ku Edinburgh, koma atafika ku Michigan anam'mana ntchito ya uinjiniya chifukwa cha khungu lake. Anangom'lemba yosonkhezera moto ndi kuthira mafuta m'sitima zamalasha.

Masiku amenewo sitima inkaima kaŵirikaŵiri kuti aithire mafuta. McCoy anapanga kachikho kodonthezera mafuta mu injini sitima ikuyenda, ndipo mu 1872 boma la America linam'patsa patenti, chikalata chotsimikiza kuti nzeruyo ndi yake. Zikalata zotere analandira zoposa 50. Koma posoŵa mpamba wotsegulira fakitale, zambiri anazigulitsa kwa eni ndalama, ndipo anadyerera ndi iwowo. Anamwalira mu 1929.

Tsono inu anzanga amene mukupanga zipangizo m'magalaja a ku Machinga ndi Balaka, kalembetseni nzeru zanuzo, ndipo musathamangire kuzigulitsa.