William Koyi, Nkhoswe ya Atonga ndi Angoni

Pakati pa anthu amene adathandiza kuzima moto wa udani wa Atonga a ku Chintheche ndi Angoni a kumapiri, dzina la William Koyi liyenera kukumbukika. Iyeyu sadali mfumu, sadalinso mbusa wodzozedwa. Adali mlaliki wamba wa mishoni ya Livingstonia. Ngakhale sadali wa Eklezia Katolika, moyo wake uphunzitsa mkristu ali yense za kukhululuka ndi kulapa.

Adabadwa m'chaka cha 1846 ku South Africa, mwa mtundu wa Axhosa. Pa unyamata wake adagwira nchito yoyendetsa ngolo za ng'ombe, ndipo chikristu adachilandira atakula kale. Mu 1871 adalowa sukulu ya Lovedale. Pamene Dr. James Stewart adafuna anthu odzipereka kukalalikira ku dziko la kunyanja kuno mu 1876, Koyi adali mmodzi wa anai amene adasankhidwa. Iye adadziyesa yekha munthu wa mphatso yochepa, woyenera kutema nkhuni ndi kutunga madzi basi.

Dziko limene adalipeza lidali ndi bala losapola. Angoni a Mfumu M'mbelwa, atakhazikika ku mapiri a ku Mzimba, adagwira Atonga ambiri nawasunga m'midzi mwao. M'zaka za m'ma 1870 Atongawo adathawa, natsikira kunyanja, nabisala m'malinga monga la Mankhambira ku Chintheche. Angoni adawalondola, koma adagonja pafupi ndi Chintheche pomwepo, ndipo ankhondo ao ambiri adatsala pamenepo. Kuyambira apo mbali zonse ziwiri zidali ndi mlandu pamtima. Atonga adalira midzi yao yotenthedwa ndi abale ao ophedwa. Angoni adalira ankhondo ao, naumirira kuti othawa aja ndi ana ao oyenera kubwezedwa. Pamene mishoni idasamukira ku Bandawe mu 1881, idapezeka pakati pa mikondo iwiri.

Apa mpamene mphatso yochepa ija idaoneka kukula kwake. Chinenero cha Axhosa nchapachibale ndi Chingoni, chotero Koyi adatha kulankhula ndi mafumu pakamwa ndi pakamwa, podziwanso ulemu wa pabwalo. Mu 1879 adamasulira mau pamene Dr. Robert Laws adaonana ndi M'mbelwa, ndipo mu 1882 adakwera kukakhala ku Njuyu, pakati peni peni pa anthu amene onse a kunyanja adawaopa.

Zaka za ku Njuyu zidali zowawa. Mafumu adakana sukulu, poti ana akamva Mau a Mulungu adzakana nkhondo, ndipo mtundu udzafooka. Magulu a nkhondo adapitirira kutsikira ku minda ya Atonga. Koyi adanyozedwa, adaopsezedwa, koma sadabwezere, sadathawenso. Pomuona akupepesera ena masiku onse, Angoni adamutcha Umteteleli, ndiko kuti nkhoswe yonenera anthu pa mlandu.

Pamenepa pali phunziro lalikulu. Kukhululuka kwa Koyi kudatsogola. Sadadikire kuti omunyoza ayambe apepesa. Momwemonso Ambuye Yezu adapempherera omupachika iwo asadalape. Koma kukhululuka sikutcha choipa dzina labwino. Koyi sadaleke kuphunzitsa kuti kufunkha midzi ndi kugwira anthu ukapolo ndi tchimo pamaso pa Mulungu. Wolakwiridwa angathe kutaya mkwiyo wake ali yekha, koma chiyanjano chifuna anthu awiri. Wolakwa ayenera kuzindikira tchimo lake, kumva nalo chisoni, kutsimikiza kulileka, ndi kukonza chimene adaononga. Pakadapanda kulapa kumapiri, kukhululuka kwa kunyanja kukadangokhala khomo lotsegukira nkhondo yina. Mafumu aja pokana sukulu adaona bwino: munthu sangalape mkondo uli m'manja.

Kuchiyambi kwa 1886 kudagwa chilala. Angoni adapempha Dr. Walter Elmslie, amene adali ndi Koyi ku Njuyu, kuti apemphere kwa Mulungu wake, ndipo mvula idabwera. Patapita miyezi yowerengeka mafumu adabvomera kuti ana aphunzitsidwe. Mbiri yokomayi idampeza Koyi ali gone ndi matenda, ndipo adamwalira m'mwezi wa June chaka chomwecho, ali ndi zaka ngati 40, asadaone Mngoni ndi mmodzi yemwe akubatizidwa.

Mbeu yake idamera iye atagona m'manda. Mu 1887 nkhondo yaikulu idatsala pang'ono kugwera Bandawe, koma Laws adakakambirana ndi M'mbelwa, ndipo idalephereka. Mu 1890 Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara adabatizidwa, oyamba mwa Angoni akumpoto. Mu 1898 anthu zikwizikwi adasonkhana ku Ekwendeni, ndipo ankhondo akale adakhala pansi kupemphera pamodzi ndi anthu a mitundu imene kale adaisautsa.

Pabanja, pamudzi, ngakhale pa mlandu wa malire a munda, njira ndi yomweyo. Wolakwiridwa akhululuke msanga ndi mtima wonse, osawerengera. Wolakwa asayese kufatsa kwa mnzake ngati chilolezo. Apite akapepese, abweze zimene adalanda, nakagwade pamaso pa Mulungu. Ndipo pamene awiriwo alephera kuonana maso, mudzi usasowe munthu wonga William Koyi, wolola kukwera phiri ndi kukakhala pakati pao.