Dr. Daniel Sharpe Malekebu: Dokotala Woyamba wa Dziko Lino

Pamene tikukumbukira makolo amene anatilambulira njira, nkoyenera kutchula dzina la Dr. Daniel Sharpe Malekebu, mwana woyamba wa dziko lino kuphunzira udokotala mpaka kumaliza.

A Malekebu anabadwira ku Chiradzulu cha m'ma 1889. Ali mnyamata analowa sukulu ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, imene anakhazikitsa Mbusa John Chilembwe, ndipo kumeneko anakhala m'manja mwa Mayi Emma Delaney, mmishonale wachikuda wochokera ku America. Mayiwo atabwerera kwawo mu 1905, mnyamatayu anawatsatira. Anayenda pansi mpaka ku Beira, nakwera sitima ya pamadzi momwe ankagwira ntchito kuti alipirire ulendo wake.

Ku America anaphunzira ku Selma University ndi ku Meharry Medical College mu mzinda wa Nashville, komwe analandira digiri ya udokotala mu 1917. Anakwatira Mayi Flora Zeto, mbadwa ya ku Congo yophunzira ku Spelman.

Kwawo zinthu zinali zitasintha. Nkhondo ya Chilembwe ya 1915 itatha, boma la atsamunda linagumula tchalitchi cha ku Mbombwe ndi kutseka mishoni. A Malekebu atayesa kubwerera, bomalo linawakaniza kulowa m'dziko la makolo awo, poopa kuti angadzutsenso moto wa Chilembwe. Motero dziko limene linali ndi madokotala owerengeka, amenenso ankasamalira makamaka azungu ndi antchito a boma, linabweza dokotala wake weniweni. Banjali linakatumikira ku Liberia, ndipo litaloledwa kubwera linadzatsegulanso mishoni mu 1926.

Anapeza mabwinja. Ndi zopereka za mpingo wa National Baptist Convention ku America, komanso njerwa zoumbidwa ndi akhristu a m'midzi, anamanganso tchalitchi, masukulu ndi chipatala. Anthu amene kale ankayenda mtunda wautali ndi wodwala pa machira anayamba kupeza thandizo pafupi. Ntchito ya mpingowo inafalikira mpaka ku maiko oyandikana nafe. A Malekebu anamwalira mu 1978.

Funso limene iwo analimbana nalo lidakalipo: ndani adzalipire mankhwala a munthu wakumudzi? Lero zipatala za boma zimathandiza mwaulere, pomwe zipatala za mipingo, pansi pa bungwe la CHAM, zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito za umoyo, ndipo boma limalipira antchito ake. Komabe mbali yaikulu ya ndalama za umoyo imachokera kwa abwenzi akunja, monga momwe zinalili ku Mbombwe. A Malekebu analandira thandizo lakunja, koma njerwa zinaumbidwa ndi eni mudzi. Aliyense wa ife amene wafika pa mwambo uno ali ndi njerwa yake yoti aumbe.