Mbiri ya Joseph Booth, Mmishonale Amene Adayambitsa Plainfield ku Thyolo

Mishoni ya Malamulo, yomwe ili ku Makwasa pakati pa minda ya tiyi m'boma la Thyolo, imadziwika m'dziko muno chifukwa cha chipatala chake komanso sukulu yosula anamwino ndi ogwira ntchito zina zaumoyo. Poyamba malowa ankatchedwa Plainfield, ndipo amene adawatsegula ndi malemu Joseph Booth, mzungu wa ku Mangalande yemwe boma la atsamunda lidamutsekera khomo chifukwa cha zimene ankalankhula pa nkhani za malo, msonkho ndi malipiro a anthu akuda.

A Booth adabadwa pa 26 Febuluwale 1851 mumzinda wa Derby. Sukulu sadapite nayo patali, ndipo zambiri adaziphunzira powerenga paokha. M'chaka cha 1880 adasamukira ku New Zealand, kenako mu 1887 adakakhazikika ku Melbourne m'dziko la Australia, kumene bizinesi yawo idayenda bwino. Adali dikoni mu mpingo wa Baptist ndipo ankalalikira m'misewu. Kumeneko munthu wina wosakhulupirira Mulungu adawaputa powafunsa ngati iwo angachite zimene Yesu adauza mnyamata wachuma, zogulitsa katundu wake n'kupereka kwa osauka. Funsolo lidawalasa mtima. Mu 1891 adagulitsa bizinesi yawo n'kuyamba kukonzekera ulendo wa ku Africa. Mkazi wawo woyamba, a Mary Jane, adamwalira ulendowo uli pafupi, koma iwo sadabwerere m'mbuyo.

Adafika ku Blantyre m'chaka cha 1892 pamodzi ndi mwana wawo wamkazi, Emily, yemwe adali asanakwanitse zaka 10. Panthawiyo amishonale a ku Scotland adali atakhala kale ku Blantyre kuyambira 1876, choncho sadasangalale kuona mlendo akutsegula Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, pafupi ndi iwo. Maganizo a a Booth adali akuti mishoni isamadalire chopereka cha kunja mpaka kalekale, koma izilima khofi, kulipira bwino antchito ake, ndi kugwiritsa ntchito phindu lake potsegula mishoni ina. Nkhani ya malipiro ndi imene idawadanitsa ndi azungu anzawo. Eni minda ankadandaula kuti a Booth akulipira mashileni 18 pamwezi pamene malipiro ozolowereka adali mashileni atatu, ndipo a ku Blantyre Mission ankati ophunzira awo akukopeka ndi ndalama.

Ku Mitsidi n'kumene kudabwera mnyamata wa ku Chiradzulu, John Chilembwe, kudzagwira ntchito ya m'nyumba. Iye adasamalira Emily pa matenda ake ndipo adabatizidwa mu 1893. Mwana wawo wamwamuna wa a Booth, Edward, yemwe adawatsatira kuno, adamwalira mu 1894. M'zaka zomwezo a Booth adayambitsanso Nyasa Industrial Mission ku Likhubula, yomwe pambuyo pake idakhazikikanso ku Ntambanyama m'boma la Thyolo, ndiponso adathandiza kutsegula mishoni ya Baptist ku Gowa m'boma la Ntcheu. Paliponse sadakhalitse. Adali munthu wodziwa kuyamba chinthu koma wosapirira pochilera, ndipo kawirikawiri ankasiyana ndi mabungwe amene ankawatumizira ndalama atakangana nawo.

M'chaka cha 1897 adapita ndi Chilembwe ku America, kumene Chilembwe adakaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Chaka chomwecho a Booth adatulutsa buku lawo lotchedwa Africa for the African, lotsutsa kugawana kwa Africa pakati pa mayiko a ku Ulaya. Mu 1898 adalowa mpingo wa Seventh Day Baptist mumzinda wa Plainfield, ku New Jersey, atakhutira kuti tsiku loyenera kupembedza ndi Loweruka. Akhristu a mumzindawo adakhazikitsa bungwe lowathandiza, ndipo mu 1899 a Booth adabwerera kuno ndi mkazi wawo wachiwiri, a Annie, kudzayamba mishoni yosunga Sabata.

Thyolo imene iwo adaipeza si imene anthu amaidziwa lero. Tiyi adali atabzalidwa kale ku Mulanje, kumene Henry Brown adamuyamba mu 1891, koma ku Thyolo adafikako mu 1908 pa esiteti ya Bandanga, ndipo maesiteti ena otchuka monga Satemwa adatsegulidwa m'zaka za m'ma 1920. Mbewu ya azungu panthawi ya a Booth idali khofi. Komabe muzu wa mavuto amene bomali lakhala likulimbana nawo udali utamera kale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, adapereka zikalata zotsimikizira umwini wa malo kwa azungu amene ankati adagula malowo kwa mafumu, nthawi zambiri ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Gawo lalikulu la nthaka yabwino ya ku Thyolo lidagwera m'manja mwa anthu ochepa, ndipo malo ambiri a Eugene Sharrer adapita ku British Central Africa Company mu 1902.

Zikalatazo zidali ndi ndime yoteteza midzi ndi minda imene idalipo kale kuti eni ake asasamutsidwe. Vuto lidali lakuti Amang'anja ankasintha malo olima nthaka ikaguga, ndipo banja likangosuntha munda, mwini esiteti ankati chitetezo chija chatha. Alhomwe, amene adayamba kulowa mwaunyinji kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 pothawa ulamuliro wankhanza wa Apwitikizi, adalibe chitetezo china chilichonse. Kuti apatsidwe pomanga nyumba ndi polima, ankayenera kugwira ntchito m'munda wa mzungu m'malo mwa lendi. Mawu akuti thangata, amene kumudzi ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, adasanduka dzina la ntchito yokakamiza imeneyi.

Kuwawa kwa thangata kudali pa nthawi yake. Mwini esiteti ankafuna anthu m'nyengo ya dzinja, nthawi yomweyo imene chimanga, mapira ndi nandolo za banja zimafuna kupalira. Bambo akakhala kwa mzungu pansi pa kapitawo, khasu la pakhomo linkatsalira mayi ndi ana. Pamwamba pa izi padali msonkho wa nyumba wa mashileni atatu pachaka, womwe udali wofanana ndi malipiro a mwezi wathunthu. Mu 1902 boma lidaukweza kufika pa mashileni 6, koma munthu amene adagwirira ntchito mzungu kwa mwezi umodzi ankalipira atatu okha, zomwe zikusonyeza poyera kuti msonkhowo udalinso njira yotulutsira anthu m'midzi kupita ku maesiteti. Amene sadali kumunda ankasenza katundu wa tengatenga kapena kunyamula machila pa njira ya pakati pa Blantyre ndi madooko a mtsinje wa Shire.

A Booth adaona zonsezi ndipo sadathe kutseka pakamwa. M'chaka chomwe adabwerera, 1899, adalemba chikalata cha madandaulo chopita kwa Mfumukazi Victoria, n'kuyamba kuchifalitsa kuti anthu asainire. Chikalatacho chidapempha kuti ndalama za msonkho wa nyumba zizigwira ntchito yophunzitsa anthu akuda, kuti ana osachepera asanu mwa ana 100 aliwonse azipatsidwa maphunziro apamwamba, ndiponso kuti dziko libwezedwe kwa eni ake pakatha zaka 21. A Booth ankatsutsanso zotenga asilikali akuda kukamenya nkhondo za Angerezi, popeza iwo ankakhulupirira kuti Mkhristu sayenera kunyamula chida. Alfred Sharpe, yemwe adali bwanamkubwa wa dziko lino, atachiona chikalatacho adafuna kuwagwira. A Booth adathawira m'dera la Apwitikizi, ndipo adaloledwa kubwerera mu 1900 atalonjeza kuti sadzalowereranso ndale. Wowerenga wa lero angaone kuti zaka 21 zimene iwo adatchula zikadatha mu 1920, pamene ufulu wodzilamulira udabwera mu 1964.

Atabwerera adagula malo okwana maekala pafupifupi 2,000 kwa mlimi wa khofi wa ku Germany, kummwera kwa Thyolo, ndipo adawatcha Plainfield polemekeza mzinda wa amene adapereka ndalama. Apa pali chinthu chimene sitingachilambalale. Munthu amene ankadzudzula kulanda malo adakhala iyenso mwini malo aakulu, ndipo mishoni yake idadalira makasu a anthu a m'midzi yozungulira monga momwe esiteti iliyonse inkachitira. Kusiyana kwake kudali kwakuti pa Plainfield padali sukulu, munthu ankatha kugwira ntchito n'kuphunziranso kuwerenga, ndipo Loweruka makasu ankagona. Kwa anthu amene adazolowera kuona azungu onse akupuma Lamulungu, zimenezi zidali zachilendo, ndipo zidabweretsa mkangano ndi mipingo ina. Kusunga Sabata kudali kovutanso kwa Mkhristu wokhala pa esiteti imene Loweruka lidali tsiku la ntchito.

Chiwerengero cha a Booth chidagona pa khofi, ndipo khofi adawagwiritsa mwala. Cha m'ma 1900 ndi 1901 mvula idavuta, tizilombo ndi matenda zidagwira mitengo, ndipo mtengo wa khofi pa msika wa dziko lonse udatsika chifukwa cha zokolola zochuluka za ku Brazil. Alimi ambiri a ku Shire Highlands adagwa nawo ulimiwu, ndipo n'chifukwa chake adatembenukira ku thonje, fodya ndi tiyi. Plainfield idalowa m'ngongole. Mu 1901 a Booth adabwerera ku America thanzi lawo lisali bwino, ndipo bungwe la ku New Jersey lidagulitsa mishoniyo kwa mpingo wa Seventh-day Adventist pa mtengo wa madola 4,000. A Booth nawo adalowa mpingowo.

M'chaka cha 1902 adabwera komaliza ku Thyolo, limodzi ndi a Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America wochokera ku Colorado, mkazi wawo a Henrietta ndi ana awo. Boma la atsamunda linkakayikira anthu akuda ophunzira ochokera ku America, poopa kuti adzatsegula anthu maso, choncho a Branch adayamba ntchito akuyang'anidwa ndi diso lofiira. Anthu awiriwa sadamvane. A Branch adafuna kuyendetsa mishoni mosakhudza ndale, pamene a Booth mtima wawo udali pa nkhani za dziko. Patangopita miyezi yochepa, kumayambiriro kwa 1903, a Booth adachoka. Boma lidawaletsa kubwerera, ndipo sadapondenso m'dziko muno.

Ntchito yeniyeni yolera mishoniyo idatsala m'manja mwa banja la a Branch. Mwana wawo Mabel ankaphunzitsa m'kalasi, mayi Branch ankasamalira odwala ndi kuphunzitsa amayi, ndipo ubatizo woyamba udachitika mu 1905. Mmishonale wina, Joseph Watson, adamwalira atangokhala miyezi yowerengeka mu 1903 ndipo adaikidwa pomwepo. A Morrison Malinki, omwe adali mnzawo wa a Booth ndi Chilembwe kuyambira masiku a ku Mitsidi, adathandiza kwambiri potsegula sukulu za m'midzi. Mu 1907 a Joel Rogers adatenga utsogoleri ndipo adasintha dzina la malowo kukhala Malamulo. Chipatala chidakula pang'onopang'ono, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1920 Dokotala Carl Birkenstock adayamba ntchito yothandiza odwala khate, imene idatchukitsa Malamulo kunja kwa dziko lino. Mwa malo onse amene a Booth adatsegula, amene adawasiya mu ngongole ndi mkangano ndi amodzi mwa amene adakula koposa.

Ngakhale adali kunja, dzanja lawo lidapitiriza kuoneka. Mu 1906 adakumana ndi Charles Taze Russell wa gulu la Watch Tower, ndipo atakhazikika ku Cape Town adaphunzitsa Elliot Kamwana, yemwe kale adakhalako ku Plainfield. Kamwana atabwerera kwawo ku Nkhata Bay mu 1908 adabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yochepa, boma lisanamuchotse m'derali. A Booth ankalemberananso makalata ndi Charles Domingo ndi abusa ena osunga Sabata a kumpoto. Pamene Chilembwe adaukira atsamunda pa 23 Januwale 1915, a Booth adali ku Basutoland, komwe lero ndi Lesotho. Iwo adali wokana nkhondo moyo wawo wonse ndipo adali atasiyana ndi Chilembwe kwa zaka zambiri, koma akuluakulu a boma adawaganizira ndithu, ndipo chaka chomwecho adawathamangitsira ku Mangalande.

Ku Thyolo nkhani ya malo idapitirira popanda iwo. Wilfred Gudu, yemwe adachokera ku Malamulo, adayambitsa mpingo wa Ana a Mulungu m'zaka za m'ma 1930 ndipo adamangidwa chifukwa chokana msonkho. Mu Ogasiti 1953 zipolowe zimene zidayambira pa esiteti ya Mangunda, pafupi ndi Luchenza, zidafalikira m'maboma ena a m'chigawo cha kummwera ndipo anthu adaphedwa. Thangata adathetsedwa mwalamulo mu 1962.

A Booth adaloledwa kubwerera ku South Africa nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, ndipo adakhala pafupi ndi Cape Town ndi mwana wawo Mary Winifred. Mayi Annie adamwalira mu 1921. Atakwatiranso adabwerera ku Mangalande, kumene adakhala akudwaladwala ndi kusowa ndalama mpaka adamwalira pa 4 Novembala 1932 ku Weston-super-Mare, ali ndi zaka 81. Emily adalemba za ubwana wake ku Mitsidi m'buku lotchedwa This Africa Was Mine, ndipo mdzukulu wa Emily, Harry Langworthy, adalemba mbiri yonse ya a Booth m'buku lomwe lidasindikizidwa ku Blantyre m'chaka cha 1996.